Kampango ka Che Sufiyani

Amene munakwerapo sitima pa Balaka kuyambira zaka zija anthu ankakangana za Chitaganya muyenera kuti munawaonapo Che Sufiyani, ngakhale dzina simunalidziwe. Ndi atelala aja amakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye kuseri kwa siteshoni, aafupi, a mzuli woyera, okhala chotsamira khoma nthawi zonse kuti pasapezeke munthu wowadzera kumbuyo. Diso lawo lakumanzere lili ndi kamtambo koyera, ndipo mukawafunsa akuuzani kuti ndi utsi wa sitima. Sitima ikungonamiziridwa. Ilibe mlandu.

Anabadwira kwa Kawinga, cha kufupi ndi Nsanama, ndipo kukayikira anabadwa nako. Mayi awo ankanena poyera kuti mwanayu ankayamba wanunkhiza bere asanayamwe. Bambo awo ankapita kunyanja ya Chiuta kukagula nsomba n'kumaziwamba, ndipo ankafuna kuti mwana atsate zomwezo, koma mwana anakana kukwera bwato. Anati m'bwato mulibe khoma, komanso wopalasa amakhala kumbuyo kwako ndi nkhafi m'manja. Nkhondo itabwera analembedwa usilikali wa Keyala, koma anathera pa Zomba pomwepa, kusokerera mabatani ndi kupinda makabudula a anzawo opita kutali. Anabwerako ndi luso la makina, nsapato zowakulira, ndi chikhulupiriro chakuti munthu akakupatsa moni kawiri tsiku limodzi ndiye kuti pali chimene akufuna.

Anakwatira Kulusumu, amene aliyense amawatcha Abiti Mohamedi, mayi wosalankhula zambiri, wa maso aang'ono oona zonse. Njala ya fote naini itawathamangitsa kumudzi anabwera pa Balaka, ndipo mwini sitolo uja anawapatsa malo pakhonde. Apa mvetsani bwino: makinawo sanali awo. Anali a mwini sitolo. Munthu ankagula nsalu m'kati, n'kutuluka nayo pakhonde, telala n'kumuyeza pomwepo. Telala wochotsedwa pamakina ankachoka ndi sizasi yake ndi tepi basi. Che Sufiyani analibe munda pa Balaka, analibe mbuzi, analibe kanthu kena kodalira. Chakudya cha banja lawo chinkachokera pachopondera cha makina aja.

Pakhondepo panali makina awiri. Enawo ankaponda ndi a Blasius, Mngoni wa ku Ntcheu, Mkatolika, wamtali ngati mtengo wa lamya, woti akaseka amamveka mpaka kunjanji. A Blasius ankasoka madiresi ndi makabudula a ana asukulu. Che Sufiyani ankasoka mikanjo, ndipo tinene zoona, khosi la mkanjo wosoka iwo linkadziwika mpaka ku Liwonde. Anthu awiriwa anakhala mapewa ogundana zaka zitatu, ndipo zaka zonsezo Che Sufiyani popita kuchimbudzi ankatenga bobini ya makina awo.

Tsono pasiteshoni panali Modester, mkazi wamasiye koma wachitsikana ndithu, wogulitsa zitumbuwa masiku a sitima. Ali mwana anaphunzira kupeta kwa masisitere. Tsiku lina anafika pakhonde kudzapempha zidutswa za keleko zotsala podula. Che Sufiyani, amene zidutswa ankamana ngakhale ana ofuna kupanga mpira, anam'patsa mulu wonse, n'kumupindiranso m'mbali mwake ndi makina. Chimene chinawagwira tsikulo sichikudziwika. Ena amati ndi kampata ka m'mano mwa Modester.

Patatha sabata Modester anabwera ndi chimodzi mwa zidutswa zija chitasanduka mpango wa m'manja. Pakona panali kaduwa kofiira, ndipo pansi pa kaduwapo panali mawu opeta ndi ulusi wofiira womwewo.

"Aka n'kanu, Che Sufiyani. Zikomo za zija."

Che Sufiyani zilembo zachizungu ankaziwerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Anatembenukira kukhoma n'kuyamba, chimodzi chimodzi. Dzuwa linapendeka asanafike kumapeto. USANDIIWALE.

Phazi linaima pachopondera. Modester sanalembe kuti musandiiwale, iyayi. Usandiiwale. Iwe. Munthu wa ndevu, bambo wa Salima amene anali atakwatiwa kale, chimwalirire mayi awo panalibe anawatchulapo iwe kupatula asajeni a ku Zomba. Ngakhale Abiti, pa zaka makumi awiri za ukwati, anali asanayerekezepo. Mkazi amati iwe kwa mwamuna wamkulu pa chifukwa chimodzi chokha, ndipo Che Sufiyani chifukwacho anachidziwa. Munthu amene ankakayikira moni sanakayikire chilembo chimodzi chimenechi.

Madzulo omwewo anasoka kathumba kobisika m'kati mwa chiuno cha buluku lawo, msoko wake wosaoneka, n'kuikamo mpango. Kwa Modester sananene kanthu. Ankangomuyang'ana chapatali masiku a sitima n'kudzikhudza m'chiuno, poganiza kuti akumvana.

Vuto linali kuchapa. Zovala zonse ankachapa ndi Abiti, ndipo tsiku lochapa mpango unkasamukira mu mzuli. Kuchapa okha, akachapira kuti? Madzi a pa Balaka mukuwadziwa: ndowa iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo pachitsime pamakhala amayi makumi awiri ndi malilime awo. Mwamuna wa ndevu kuwerama pamenepo n'kumafikisa kansalu ka duwa lofiira, nkhani ikanafika ku Ntcheu dzuwa lisanalowe. Komanso ankaopa kuti sopo angasukulutse ulusi. Choncho mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya, mpango osaona madzi.

Ukanakhala wongosungidwa, bwenzi nkhani palibe. Koma Che Sufiyani ankafuna kumakhudza chikondi chawo pafupipafupi. Akatuluka thukuta, mpango. Akakoka fodya wamphuno n'kuyetsemula, mpango. Mafuta a makina akatsala m'zala, mpango. Akadya mlamba wowamba, mpango. Fumbi la thonje ndi la msewu likalowa m'maso, ankatembenukira kukhoma, n'kupinda kakona, n'kukumba nako m'diso mpaka misozi. Ngakhale akasamba kumaso kuti aswali, kasanu pa tsiku monga Msilamu aliyense, ankapita pambali n'kudzipukuta ndi mpango womwewo, ndiye kuti chimene madzi achotsa, mpango n'kubwezera. Keleko woyera uja anasanduka mtundu wa chulu. Mpango unauma gwa moti ukanatha kuima wokha. Ntchentche za pa Balaka zinkaudziwa: zikangoona dzanja likupita m'chiuno zinkanyamuka kudzala n'kubwera.

Maso anayamba ndi kuyabwa. Kenako kufiira. Kenako manthongo, oti m'mawa zikope zinkamatana mpaka Abiti abwere ndi madzi ofunda. M'kati mwa zikope munkamveka ngati mwathiridwa mchenga. Ndipo tsiku lina Che Sufiyani ananyowetsa ulusi ndi malovu, nauloza pasingano monga mwa masiku onse, koma bowo la singano linali litasamuka.

Sanadzifunse kuti ndadwala chiyani. Anadzifunsa kuti wandichita ndani.

Woyamba anali a Blasius, ndipo umboni unalipo. Madzulo aliwonse Che Sufiyani ankasolola ulusi makina asanalowe m'sitolo. Koma maso atangoyamba kuvuta, m'mawa uliwonse ankapeza ulusi uli kale m'singano, wolowetsedwa bwinobwino, kamchira kake kali lende. Ulusi sudzilowetsa wokha. Nanga ndani ankafika m'mamawa pakhondepo, pochokera ku Misa? Che Sufiyani ankausolola ulusi wolodzedwawo ndi nsonga ya sizasi, osaukhudza, n'kukautaya kuseri. Kenako ankatha theka la m'mawa akusakasaka bowo la singano, misozi ili chuchuchu, mpango uli pantchito.

"Achimwene, masowo afika poti n'kuwotcherapo chimanga," a Blasius ankatero. "Pitani kuchipatala."

"Mukufuna ndichoke pamakina kuti mutani nawo?"

"Kuti ndiwakwatire. Ndinayamba kalekale kuwafunsira."

Che Sufiyani sanaseke. Mawuwo anawasunga.

Wachiwiri anali Abiti. Madzulo ena akudya matemba, Abiti anakweza mphuno n'kununkhiza m'mwamba.

"M'nyumba muno mukununkha kampango."

Che Sufiyani anabweza mbamu m'mbale.

"Kampango wake uti? Tikudya matemba."

"Kaya. Koma kakununkha, ndipo n'kakalekale."

Nsomba ija ya m'Shire ikagona timati kampango wakale. Abiti anati kakalekale, monga timanenera kampango ka nsalu. Che Sufiyani anamva bwinobwino, ndipo anasamba m'manja chakudya chikadalipo. Ngati mkaziyu akudziwa, bwanji sakukalipa? Mkazi wodziwa koma ali chete ndiye kuti wapeza njira ina. Kuyambira tsikulo madzi ofunda a m'mawa aja anawakana, poganiza kuti ndi m'mene muli mankhwala. Zikope ankazimatula okha ndi malovu ndi kakona ka mpango.

Mankhwala anayesa ambiri, onse a anthu osadziwana ndi Abiti kapena a Blasius. Wina wa ku Ulongwe anawafinyira masamba m'maso. Wina anati shuga wosungunula. Woyendetsa ngolo wina anati fodya wamphuno yemweyo, kuthira pang'ono m'diso kuti misozi yoipa ituluke yonse, ndipo tsikulo Che Sufiyani anavina pakhonde popanda ng'oma. Anatenganso magalasi m'bokosi la m'sitolo, ongoyesa pamphuno, amene anawaonetsa singano ziwiri m'malo mwa imodzi, zonse zopanda bowo. Pambuyo pa mankhwala aliwonse misozi, pambuyo pa misozi mpango.

Ramazani chaka chimenecho inagwa m'nyengo yozizira, ya mphepo ya fumbi. Ndi mwezi umene telala wa mikanjo amadalira chaka chonse, poti pa Idi aliyense amafuna kutuluka ndi watsopano. Nsalu zoyera zinaunjikana pambali pa makina. Ndipo mkanjo woyamba umene Che Sufiyani anamaliza, wa Che Abdulaziz ogula zikopa, unatuluka mkono umodzi utasokedwa kukamwa ngati thumba la mchere. Che Abdulaziz anauvala pakhonde pomwepo, dzanja n'kukanirira m'kati, anthu odikira sitima n'kumaomba m'manja.

Mwini sitolo sanakalipe. Anali munthu wolankhula motsitsa ngakhale pochotsa munthu ntchito.

"Che Sufiyani, ine ndimakukondani, koma nsalu ndi yanga. Ndikukupatsani masabata awiri. Lolemba lachiwiri kuchokera lero mudzalowetsa ulusi m'singano ine ndikuona. Mukalephera, makina ndipereka kwa wina. Idi sidikira maso a munthu."

Wina ameneyo sanamutchule, koma Che Sufiyani anayang'ana kwa a Blasius, chithunzi chachitali chosaoneka bwino, ndipo anaona kuti chikumwetulira. A Blasius anali ataluma mapini.

Mawa lake anapita kukachipatala kakang'ono ka pa Balaka pomwepo, okha, mozemba. Kumeneko kunali a Wadson, amene aliyense ankawatcha adokotala ngakhale dokotala mwiniwake ankabwera mwa apo ndi apo. A Wadson anatembenuza chikope, nayang'ana, napukusa mutu.

"Bambo, kumaso mumasamba?"

"Kasanu pa tsiku. Inu mumasamba kangati?"

"Mukasamba mumapukuta ndi chiyani?"

"Mphepo."

"Nanga misozi ikamatuluka chonchi?"

"Imauma yokha."

A Wadson anayang'ana dzanja la wodwalayo, limene linali litagwira m'chiuno zolimba.

"Matenda awa amakonda nsanza, zala ndi ntchentche. Ngati pali kansalu kamene mumapukutira, kabweretseni ndikaone. Mukapanda kutero, mankhwala angawa ndi ongotaya. Ndipo lakumanzereli layamba kale chilonda."

Che Sufiyani anatuluka ndi kabotolo ka mankhwala odontheza, ndi munthu wachitatu womukayikira. Za kansalu wamuuza ndani? Anakumbukira kuti mkazi wa a Wadson amatunga pachitsime chimodzi ndi Abiti, ndipo zonse zinalumikizana. Mankhwalawo ankadontheza ndithu, dzuwa likalowa ndi m'bandakucha, kuopa kumasula swaumu, kusala kwa Ramazani. Koma poti ankaluma, ankawapukuta msanga ndi chimene mukuchidziwa.

Sabata yoyamba ili pakati anaganiza zogwira mfiti ndi manja. Ataswali m'mawa sanabwerere kunyumba. Anakabisala kuseri kwa migolo ya palafini pakona pa khonde. Makina atatulutsidwa, a Blasius anafika akung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi, nayang'ana uku ndi uku, nawerama pamakina a Che Sufiyani.

"Ndakugwirani."

A Blasius sanadzidzimuke n'komwe. Anamaliza kulowetsa ulusi, n'kuudula ndi mano.

"Mwandigwiradi. Ndiye mukandisumira kuti chiyani? Mukati Mngoni uyu amandilowetsera ulusi?"

"Mumaupaka chiyani?"

"Malovu, achimwene. Achikatolika, koma ndi malovu."

"Mukufuna makina anga."

"Ndiwaponde ndi chiyani? Mapazi ndili nawo awiri, ndipo onse ali pantchito. Mikanjo yanuyo khosi lake sindilitha, ndinayesapo kamodzi munthu anaoneka ngati kamba. Mukachoka inu mwini sitolo abweretsa mphwake wa ku Limbe, woti nthabwala samva, ndiye ine ndizinyoza ndani? Miyezi iwiri ndakhala ndikulowetsa, inu n'kumasolola. Ulusi umene mwataya kuseriku ukanasoka tenti."

Che Sufiyani anakhala pampando. Zinamveka zoona, ndipo n'chifukwa chake sanazikhulupirire kwenikweni. Komabe tsikulo ulusi sanausolole. Anasoka mizere iwiri, yokhota ngati njira ya woledzera, ndipo anazindikira kuti ngakhale ulusi ulowe, maso palibe.

Lolemba la sabata yachiwiri zikope zinakana kumatuka. Anayesa malovu, anayesa mpango, anayesa zala. Kunja kunali kutacha, nkhuku zikumveka, koma kwa iwo kunalibe kanthu. Anakhala pamphasa n'kuwerenga masiku otsala. Asanu ndi awiri. M'mutu mwawo anaona njira ya kwa Kawinga, iwo ali pambuyo pa wowatsogolera atagwira ndodo, sizasi ndi tepi zili m'thumba, ndi achibale aja anawasiya nthawi ya njala akutuluka m'nyumba kudzaonerera.

"Abiti."

"Ndili pano."

"Sindikuona."

"Ndaona. Dzukani, kwende."

Sanafunse kuti kuti. Abiti anawagwira pamkono n'kudutsa nawo pamsika, pakati pa anthu, mpaka kwa a Wadson. Munthu amene moyo wake wonse sanalole wina kumuyenda kumbuyo, tsikulo sankadziwa n'komwe amene ali kumbuyo kwake.

A Wadson anatsuka zikope ndi thonje mpaka diso lakumanja linatseguka pang'ono.

"Kansalu kaja mwabweretsa?"

"Ndinanena kale kuti mphepo."

"Abambo a Salima," anatero Abiti, mawu ali pansi, "tulutsani kampango."

Pakhomo panali mzere wa odwala, makutu ali tcheru, ndipo atatu mwa iwo anali amayi a pachitsime. Che Sufiyani anayeza zinthu ziwirizo monga amayezera nsalu. Mbali iyi, dzina lawo: bambo wa kumzikiti, m'mwezi wa Ramazani, kutulutsa m'buluku mphatso ya mkazi wamasiye wachikatolika, pamaso pa mkazi wawo. Mbali inayo, chopondera. Anayeza kawiri. Chopondera chinatalika.

Anapisa dzanja m'chiuno, nautulutsa.

A Wadson anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Anautenga ndi chopanira chachitsulo, naukweza cha kuwindo.

"Bambo, ichi ndi chimene mwakhala mukuika m'maso?"

"Ndi mphatso," anatero Che Sufiyani, mutu uli m'mwamba. "Abiti, ndikhululukireni. Mkaziyo sindinam'khudze ngakhale chala. Koma anandikonda, ndipo ndinalephera kutaya."

Abiti anamasula mfundo ya pakona pa nsalu yawo, natulutsa kansalu koyera mbee, kopindidwa bwino, nakatambasula pafupi ndi diso lotseguka lija. Kaduwa kofiira. Pansi pake zilembo.

"Werengani. Nthawi tili nayo."

Sanafunike kufika kumapeto.

"Ndinasinthanitsa ndi mazira," anatero Abiti. "Modester amagulitsa pasiteshoni, m'lichero lomwelo la zitumbuwa. Zidutswa zanu zija zinatuluka timipango khumi ndi tiwiri."

"Mayi akunyumba ali nato tiwiri," anatero a Wadson, akuyang'ana kudenga.

"Koma analemba kuti iwe," anatero Che Sufiyani, atatembenukira kwa Abiti.

"Ndinam'funsa. Akuti M amadya malo, ndipo keleko munadula mochepa ndinu. Akuti musamuiwale zidutswa zikapezekanso. Wakhala akudabwa kuti chikupatsireni mphatso simunam'patsenso ngakhale kachigamba, mumangomuyang'ana n'kumadzikanda m'chiuno. Amayesa muli ndi nsabwe."

Pamzere paja wina anatsokomola chifuwa chimene sanabwere nacho.

Pamenepo kukayikira kwa Che Sufiyani kunadzuka, poti m'thupi monse ndi kokhako kunali kusanadwale.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku limene ndinachapa buluku la matumba atatu. Msoko munaubisa bwino, koma ine pochapa ndimatembenuza."

"Zaka ziwiri. Bwanji simunanene?"

"Ndinanena. Munati tikudya matemba."

A Wadson anayamba kukonza mabotolo amene anali okonzeka kale.

"Ndinkafuna muutulutse nokha," anatero Abiti. "Sindinadziwe kuti mukakamira mpaka diso."

Apa anayang'ana kumbali. Amayi a pachitsime mpaka lero sagwirizana. Ena amati Abiti anachita bwino. Ena amati anachedwa ndi miyezi itatu, ndipo mwiniwake akudziwa.

A Wadson anati mpangowo ukhoza kuwiritsidwa. Abiti anafunsa kuti mumphika wa ndani. Unaponyedwa pamoto wa zinyalala kuseri kwa chipatala, ndipo amene analipo akuti unayaka ngati nyali, poti mafuta a makina a zaka ziwiri anali momwemo.

Sabata imeneyo Che Sufiyani anakhala pakhomo. Madzi ofunda a Abiti anawalola, m'mawa ndi madzulo, kansalu kowiritsa kakekake diso lililonse, manja osamba ndi sopo, fodya kutali, mankhwala osapukuta ngakhale alume bwanji. Madziwo ankayamba awanunkhiza, koma ankalola. Lakumanja linkayera tsiku ndi tsiku. Lakumanzere chilonda chinapola n'kusiya kamtambo kaja.

Lolemba mwini sitolo anaima pakhomo manja ali kumbuyo. Pakhonde panadzaza anthu amene mwadzidzidzi anakumbukira kuti kunyumba kulibe machesi. Che Sufiyani anakhala pampando, natsinzina lakumanzere, nanyowetsa ulusi. Koyamba ulusi unapindika. Kachiwiri unadutsa pambali. Atawerama kachitatu anaona chinthu: singano imene inali pamakinapo sinali yawo ya keleko. Inali yaikulu, yosokera kaki wolimba, ya bowo loti nyerere n'kudutsamo itasenza katundu. Wina anali atagwira makina awo iwo kulibe.

Anatembenuka. A Blasius anali kalikiliki kupinda diresi, mapini ali m'kamwa, maso ali pansalu ngati munthu wosalakwapo chibadwire.

Mawu anafika mpaka pamilomo. Che Sufiyani anawameza, ndipo ulusi unalowa.

Mikanjo ya Idi inatuluka yonse, ina mochedwa, makosi ake ali bwinobwino. Pakhondepo akadalipo. M'mawa uliwonse Abiti amawapatsa kansalu koyera kochapa, kopanda duwa, ndipo madzulo amakalanda. Modester amalandira zidutswa zake kudzera kwa a Blasius, poti sitima ikalira Che Sufiyani amayang'ana kukhoma. Bobini amapitabe nayo kuchimbudzi. Ndipo mukakhala nawo nthawi yaitali, Abiti ali kutali, amatsitsa mawu n'kukuuzani kuti timipango tinato anationa bwinobwino: maluwa ake ndi a masamba anayi. Lawo linali ndi asanu. Umboni unapsa, ndipo akudziwa amene anafulumira kuuwotcha.